Kunyamula ndodo ku Joni: lamulo likuti bwanji?

Kwathu kuno munthu amayenda ndi ndodo usiku poopa agalu, njoka kapena akuba. Koma mukapita ku Joni kukagwira nchito, samalani. Ku South Africa kuli lamulo la mu 2013 lonena za zida zoopsa. Kunyamula ndodo kapena cibonga pakokha si mlandu ayi. Mlandu umabwera ngati zikuoneka kuti mukufuna kuvulaza naco munthu. Pamenepo mutha kulipira cindapusa, kapena kukhala m'ndende mpaka zaka 3.

Ndodo imafunanso kuiphunzira. Anyamata a Cizulu amaphunzira ali kubusa, ndodo ina yomenyera, ina yochingira. Ngati inu simunaphunzire, wakuba angakulandeni ndodoyo n'kukumenyani nayo. Ndiye mpata wothawira ukapezeka, thawani basi.