Chitsamba cha pamthunzi, osati cha pachithunzi

Pa Nguludi Turn-off, pamene munthu amapatukira popita ku Yunivesite ya Katolika ndi ku chipatala cha St Joseph, ndinapeza mnyamata akugulitsa mbande za m'machubu. Pachikwangwani chake analemba kuti: "Zitsamba za m'dimba zokonda chithunzi." Ndinagula ziwiri, koma mawuwo anandikhala pakhosi ulendo wonse.

Chithunzi ndi chimene amajambula ndi kamera n'kupachika pakhoma. Chithunzithunzi ndi chija chimakutsata dzuwa likapendeka. Malo ozizira pansi pa mtengo wa mango, pamene agogo amayala mphasa masana, ndi mthunzi. Mawu atatuwa ndi apachibale, inde, koma chibale si chifukwa chobwerekana mayina.

Nanga dimba? Apa ndi pamene pandiwawa kwambiri, poti cholakwachi chafika ndi m'kamwa mwa ophunzira. Dimba lili kudambo kapena m'mbali mwa mtsinje, kumene timathirira mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi m'chilimwe. Kabwalo ka maluwa kuseri kwa nyumba si dimba ayi. Mukauza mayi wa ku Chiradzulu kuti mwabzala maluwa m'dimba, adzakuyang'anani ngati mwawononga chinyontho. Nenani kuti pakhomo, kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa mpanda.

Liwu loti zitsamba nalonso n'loterera. Ambiri akalimva amaganiza za sing'anga ndi mizu yake. Pa chikwangwani chotere kuli bwino kuwonjezera kuti zokongoletsa pakhomo, kuopa kuti wodwala m'mimba angaime.

Ndipo poti tikunena za mbande, dziwaninso kuti mbande sitifesa. Timafesa mawere, timabzala chimanga, koma chomera chochoka ku nazale timachiwokera.

Pa zomera zenizenizo mnyamatayo sananame: zilipodi zokonda mthunzi. Khofi, amene anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878, amakondwa pamthunzi wa mbee, wolowa kadzuwa. Duwa la hydrangea nalonso limafuna dzuwa la m'mawa lokha ndi nthaka yosauma. Koma pansi pa bulugamu musadzivute, mizu yake imamwa madzi onse. Pansi pa mango wowirira, yambani mwasadza nthambi zina.

Achimwene a pa Turn-off, mbande zanu zagwira bwino. Chikwangwanicho chokha fufutani, mulembe kuti: zitsamba zokongoletsa pakhomo, zomera pamthunzi.