Phula lafika ku Mbamba Bay: ndani adzaloze pomanga maloji?

Mu September 2024 mtsogoleri wa dziko la Tanzania, Samia Suluhu Hassan, adafika m'boma la Nyasa kukatsegulira msewu wa phula wa makilomita 66 wochokera ku Mbinga kutsikira ku Mbamba Bay, komanso kukaika mwala wa maziko a doko latsopano. Kwa msodzi, phindu la msewuwo n'lakuti usipa ufika msanga ku Songea. Munthu wa ndalama akuonapo china: mchenga woyera wa tsidya lija la nyanja ya Malawi, womwe kale kuufika kunali kolimba, tsopano uli pafupi, ndipo malo ake akadali otsika mtengo.

Mbamba Bay ndi likulu la boma la Nyasa, lomwe lidapatulidwa ku Mbinga mu 2012. Tauniyi idayang'anana ndi Nkhata Bay, ndipo ambiri mwa anthu a m'gombe lake amalankhula Chinyasa chomwe munthu wa ku Likoma amamva popanda womasulira. Chakumtunda, kulowera ku malire a Mozambique, kuli nkhalango yosungirako nyama ya Liparamba. Pakati pa nkhalangoyi ndi nyanja ndi pomwe maloji, mahotela ndi misasa ya alendo zidzafune malo. Nyanja yathuyi idaziwonapo kale zotere, ndipo mbiri yake ikuonetsa zomwe zimachitika womanga akafika pulani isanafike.

Gombe lomwe alendo adalilambalala

Pangano la Britain ndi Germany la mu 1890 lidaika dera la kumpoto chakummawa kwa nyanjayi m'manja mwa Majeremani. Doko la Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay, iwo ankalitcha Sphinxhafen. Mu August 1914 sitima ya Angerezi ya Gwendolen idakapeza sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda padokopo n'kuiombera, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Liuli idadzakhala likulu la mishoni ya Anglican, ndipo m'busa William Percival Johnson, yemwe adayenda nyanjayi zaka zambirimbiri, adamwalira komweko mu 1928. Alendo a nthawi imeneyo anali abusa, asilikali ndi abwanamkubwa. Ankabwera pamadzi n'kugona kumishoni kapena kuboma, motero nkhani ya malo ogona alendo idalibe woifunsa.

Tanganyika italandira ufulu mu 1961, ntchito zokopa alendo zidalunjika kumpoto, ku Serengeti, Ngorongoro ndi Kilimanjaro. Kummwera kudatsalira chifukwa cha misewu yoipa komanso nkhondo ya ufulu wa Mozambique, yomwe idayaka kutsidya kwa mtsinje wa Ruvuma kuyambira 1964 mpaka 1974. Kutsalirako kudabweretsa umphawi, komanso kudasunga gombe. Madoko adakhalabe a asodzi, mchenga udakhalabe wa mathandala a usipa ndi wa magule a mganda ndi chioda.

Mizere ya pamapu

Kupatula malo osungira nyama kudayamba kale m'dzikolo. Mu 1896 bwanamkubwa wa Chijeremani, Hermann von Wissmann yemwe dzina lake lidapatsidwa kwa sitima ija, adakhazikitsa malo oyamba oletsa kusaka, ndipo ena mwa iwo ndiwo adadzakula n'kukhala nkhalango yosungirako nyama ya Selous. Kachitidwe kake kanali kamodzi: boma limalemba mzere pamapu, a m'mudzi n'kumva pambuyo.

Liparamba ndi mwana wamng'ono m'banja limeneli. Idakhazikitsidwa mu 2000, ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 571, ndipo ndi nkhalango ya mitengo ya mombo momwe njovu zimapezeka. Lero ikuyang'aniridwa ndi bungwe la boma la TAWA, lomwe lidayamba ntchito mu 2016. Aliyense wofuna kumanga msasa wa alendo mkati mwake amayenera kupempha chilolezo kumeneko, motsatira lamulo la nyama zakutchire la 2009.

Kunja kwa mzerewo malamulo ndi ena. Malamulo awiri a malo a mu 1999 adagawa dziko lonse patatu: malo otetezedwa, malo a midzi ndi malo ena onse, ndipo onsewo mtsogoleri wa dziko amawasunga m'malo mwa anthu. Malo a mudzi amayendetsedwa ndi khonsolo ya mudzi, yomwe imayankha ku msonkhano wa anthu onse akuluakulu a m'mudzimo. Wakunja saloledwa kugula malo mwachindunji kwa mwini munda. Lamulo la zachilengedwe la 2004 limaletsa ntchito zokhazikika zomwe zingawononge gombe mkati mwa mamita 60 kuchokera m'mphepete mwa nyanja kapena mtsinje, ndipo chitukuko chachikulu chimayenera kuunikidwa kaye ndi bungwe la NEMC. Mu 2007 kudabweranso lamulo lopatsa mudzi uliwonse mphamvu yolemba pulani ya kagwiritsidwe ntchito ka malo ake.

Papepala zonsezi n'zokwanira. Chovuta n'chakuti mlendo safuna kugona pakati pa nkhalango pokha. Amafuna kuona njovu masana, madzulo n'kusamba m'nyanja. Choncho mpikisano waukulu udzakhala pa malo a midzi ya m'gombe ndi ya m'malire a Liparamba, kumene woweruza ndi khonsolo yopanda loya, yopanda woyeza malo, yomwe ikukambirana ndi munthu wonyamula chikwama cha ndalama.

Zomwe Cape Maclear idaona

Tsidya lino la Malawi tidadutsamo. Mishoni ya Livingstonia idakhazikika ku Cape Maclear mu 1875, koma malungo adaisamutsira ku Bandawe mu 1881. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kudamangidwa hotela yapamwamba, ndipo mu 1949 ndi 1950 ndege za kampani ya BOAC zotera pamadzi zinkaima pamenepo pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Ndegezo zitasiya kubwera, hotelayo idatsekedwa mu 1951. Idamangidwa podalira njira imodzi ya alendo, ndipo njirayo itatha, ntchito zidatha nayo limodzi.

Mu 1980 boma la Malawi lidakhazikitsa paki ya Lake Malawi, ya masikweya kilomita 94, pofuna kuteteza makamaka nsomba za mbuna, ndipo mu 1984 UNESCO idaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Midzi ya asodzi monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo siidasamutsidwe. Chimenecho chinali chiganizo chabwino ndi chaumunthu. Cholakwika chinali chakuti paki idalemba malamulo a mapiri, zilumba ndi madzi a mamita 100 kuchokera m'gombe lake, koma mchenga wa Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear, womwe alendo ankaufuna kwambiri, udatsala wopanda pulani.

Alendo oberekera zikwama atayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, maloji adamera limodzilimodzi, lililonse pa mgwirizano wake pakati pa womanga, banja ndi mfumu. Ntchito zidabweradi: ophika, alonda, eni maboti, osema ziboliboli ndi operekeza alendo adapeza pogwira. Koma mudziwo udakulanso mpaka kupitirira anthu 10,000, pa kachigwa kopanikizidwa ndi phiri kumbuyo, madzi kutsogolo. Gombe lomwelo likuyenera kukwanira bwato, khoka, thandala, amayi ochapa ndi kutsuka mbale, komanso mlendo wolipira kuti apume mwabata. Zinyalala, zimbudzi ndi nkhuni zidasanduka nkhani za tsiku ndi tsiku. Likodzo nalo lidachuluka, ndipo akatswiri adapeza kuti kuchepa kwa nsomba zodya nkhono kudathandizira. Komiti ya UNESCO yakhala ikukumbutsa boma mobwerezabwereza kuti chitukuko chilichonse cha zokopa alendo m'pakiyo chiziunikidwa chisanayambe.

Pazilumba za Mumbo ndi Domwe, m'paki yomweyo, zinthu zidayenda mosiyana. Kumeneko malo ndi a paki, chilolezo chidatsogola, ndipo zomwe zidamangidwa ndi misasa ing'onoing'ono ya matenti, matabwa ndi udzu, yolandira anthu owerengeka. Nyanja ndi yomweyo, alendo ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti pachilumba lamulo lidayamba kufika, pomwe ku Chembe lidapeza maziko atakumbidwa kale.

Njira ya ku Cobue

Anansi a Liparamba a kummwera adayesa njira ina. Nkhondo ya pachiweniweni ya Mozambique itatha mu 1992, pafupi ndi Cobue, moyang'anana ndi Likoma, padayambika ntchito ya Manda Wilderness ndi loji ya Nkwichi. Nyumba zake n'zochepa, zomangidwa ndi miyala, mitengo ndi udzu wa komweko, zobisika m'mitengo. Midzi yoposa khumi idapanga bungwe lake lotchedwa Umoji n'kupatula gawo la malo ake kuti likhale losungira zachilengedwe, ndipo ntchitoyo idathandiza kumanga sukulu m'midzimo. Mu 2011 boma la Mozambique lidalengeza kuti mbali yake ya nyanja ndi yotetezedwa. Loji imodzi siingalembe ntchito mudzi wonse, koma chachikulu n'chakuti midzi idakambirana monga gulu, osati banja lililonse palokha usiku.

Nyanja nayo ili ndi chigamulo chake. Mu 2024 madzi adakwera kwambiri n'kulowa m'maloji ndi m'nyumba zambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Ambiri adali atamanga pamalo pomwe akuluakulu amakumbukira kuti madzi adafikapo cha m'ma 1980. Amene amaona lamulo la mamita 60 ngati chipsinjo aganizire za makoma omwe adagwa chaka chimenecho.

Nthawi ikadalipo

Mbamba Bay ili ndi mwayi womwe Chembe idalibe: malamulo alipo kale, gombe lalikulu likadali la eni ake, ndipo zitsanzo zili pafupi, ulendo wa pa boti. Chofunika n'chakuti mudzi uliwonse wa m'gombe ndi wa m'malire a Liparamba ulembe pulani yake tsopano, ogula asanachuluke. Doko la asodzi, malo a mathandala, manda, potunga madzi, njira zotsikira kunyanja ndi njira za njovu zilembedwe poyamba kuti sizigulitsidwa. Zotsalazo ndizo zikambidwe ndi omanga, poyera, pa msonkhano wa mudzi wonse, amayi oyanika usipa ali pomwepo, ndipo lizi ikhale ya zaka zodziwika ndi gawo lodziwika la mudzi.

Ife a tsidya lino tisaone ngati nkhaniyi ndi ya eni. Lamulo lathu la mapulani a malo la 2016 lidaika dziko lonse pansi pa pulani, ndipo magombe a Nkhata Bay, Likoma ndi Karonga akudikira chiganizo chomwechi. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Makhonsolo, mafumu ndi maboma a mbali zonse zitatu za nyanjayi ayeze malo ndi kumva anthu asanapereke chilolezo, chifukwa mpanda wa loji ukaima pa doko la asodzi, kuugwetsa kumafuna khoti ndi ndalama zomwe mudzi ulibe.