Ngalawa, Mwezi ndi Mphepo: Mbiri ya Asodzi a ku Nyanja Yamchere

Pali mawu atatu amene aliyense wa ife amene anapondako kusukulu kapena kutchalitchi amawadziwa: ngalawa, thanga ndi nangula. Mukafika kugombe la nyanja yamchere ya India, kuyambira ku Lamu m'dziko la Kenya, kudutsa ku Zanzibar mpaka kuzilumba za kumpoto kwa Mozambique, mukamva asodzi akuti ngalawa, tanga ndi nanga. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere ngakhale lokwana phazi limodzi, komabe pakamwa pathu pali mawu a anthu a kumeneko. Ine ndine munthu wamuofesi, wolemba makalata a boma, sindine msodzi. Koma powerenga mbiri ya gombeli ndaona kuti malangizo amene msodzi amapatsa mwana wake, monga nthawi yonyamukira, yobwerera ndiponso poponya mbedza, akhala akusonkhanitsidwa kwa zaka pafupifupi 2,000, ndipo ambiri mwa malangizowo anagulidwa ndi miyoyo ya anthu.

Umboni wakale kwambiri uli m'kabuku ka Chigiriki kotchedwa Periplus of the Erythraean Sea, komwe kanalembedwa ndi wamalonda wina wa ku Egypt pakati pa zaka za 40 ndi 70 Yesu atabadwa. Mlembiyo anafotokoza za chilumba cha Menouthias, chomwe akatswiri amati ndi Pemba, Zanzibar kapena Mafia. Kumeneko anthu anali ndi mabwato osokedwa ndi zingwe komanso ena osema pamtengo umodzi, ndipo ankagwira nsomba ndi madengu otchera m'mipata momwe madzi amadutsa. Dengu lomwelo lilipo mpaka lero. Aswahili amalitcha dema. Amaliluka ndi nsungwi kapena timitengo tong'alula, amasiya kakhomo kolowera kopanda potulukira, amamangirira miyala kuti limire, ndipo nyambo yake ndi ndere za m'nyanja. Amakola nalo nsomba zotchedwa tasi ndi changu. Kunena mwachidule, ndi mbale wake wa mono wathu uja.

Ngalawa ya Aswahili si chombo chachikulu monga timaganizira ife. Ndi bwato lopapatiza, kawirikawiri losema pamtengo wa mango, lokhala ndi thanga la ngodya zitatu. Mbali zonse ziwiri amamangako matabwa oyandama, ogwiridwa ndi mitanda iwiri, kuti bwatolo lisagudubuke mphepo ikakankha thanga. Luso la matabwa oyandamali linachokera kuzilumba za Indonesia. Anthu a kumeneko anawoloka nyanja mtunda woposa makilomita 6,000 nakakhazikika ku Madagascar zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo chinenero cha ku Madagascar ndi chapachibale ndi china cha pachilumba cha Borneo. Chombo china chinali mtepe, chomwe matabwa ake ankawasoka ndi zingwe za makoko a kokonati popanda msomali ngakhale umodzi. Chikakhudza thanthwe chinkapindika m'malo mosweka. Mtepe unatha cha m'ma 1930, koma ngalawa ikuyendabe.

Phunziro loyamba la munthu wa panyanjayi ndi mphepo. Kuyambira Novembala mpaka Malichi kumawomba kaskazi, mphepo yochokera kumpoto chakum'mawa, ndipo nyanja imakhala yofatsako. Kuyambira Epulo mpaka Seputembala kumabwera kusi kuchokera kummwera, ndipo mu Juni, Julayi ndi Ogasiti imakhala yaukali moti mabwato ang'onoang'ono sapita kutali. Amalonda a ku Oman ndi ku India ankabwera ndi kaskazi, nadikira miyezi ingapo, nabwerera kwawo ndi kusi. Palibe ankalimbana ndi kalendala imeneyi.

Amene anayesa kulimbana nayo ndi Vasco da Gama. Mu 1498 Mpwitikiziyu anafika ku Malindi, ndipo mfumu ya kumeneko inamupatsa woongolera zombo wodziwa mphepo. Ananyamuka pa 24 Epulo, kusi ili kumsana kwawo, ndipo pa 20 Meyi anali atakocheza pafupi ndi Calicut ku India. Ulendo wonsewo sunakwane mwezi. Pobwerera, da Gama anali atakangana ndi eni dziko, ndiye ananyamuka nthawi yolakwika, kaskazi isanayambe. Zombo zake zinakhala miyezi itatu panyanja, nthawi zina zitangoti chilili kusowa mphepo, nthawi zina zikukankhidwira m'mbuyo. Amalinyero anatupa nkhama ndi miyendo chifukwa chosowa zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndipo pafupifupi 30 anamwalira. Anafikanso ku Malindi mu Januwale 1499 ali ochepa kwambiri moti anatentha chombo chimodzi, São Rafael, posowa ochiyendetsa. Nyanja inali yomweyo, zombo zomwezo, mtsogoleri yemweyo. Chinasiyana ndi chakuti popita anafunsa, pobwera sanafunse. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nzeru zimene da Gama anabwereka zinali zitalembedwa kale. Ahmad ibn Majid, katswiri wa ku Julfar kugombe la Arabia, analemba buku lake lalikulu la zapanyanja cha m'ma 1490, komanso ndakatulo yolondolera njira ya ku Sofala. Iye ndi anzake ankadziwa pomwe ali poyeza ndi zala kutalika kwa nyenyezi kuchokera pomwe thambo lakumana ndi madzi. Kwa nthawi yaitali anthu ankati ndiye anaongolera da Gama, koma akatswiri a mbiri masiku ano amakana zimenezo.

Phunziro lachiwiri ndi mwezi, ndipo kwa ife anthu a ku nyanja yopanda mchere ndi lovutirapo kumvetsa. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika malinga ndi mvula ya chaka. Yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku. Pakati pa kudzaza kumodzi ndi kunzake pamapita maola 12 ndi mphindi 25, choncho tsiku lililonse madzi amachedwa ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala kumdima kapena ukakhwima, madzi amadzaza kwambiri ndi kuphwanso kwambiri, ndipo nyengoyi Aswahili amaitcha bamvua. Mwezi ukakhala theka madzi sasuntha kwenikweni, ndiye amati maji mafu, madzi akufa. Ku Zanzibar kusiyana kwake kumafika mamita 4, pomwe ku Beira kumaposa mamita 6. Bwato lomwe mwalisiya likuyandama m'mawa mukhoza kulipeza masana litagona pamchenga.

Chaka china ndinapita ku Dar es Salaam kukatenga galimoto yochokera ku Japan, ndipo podikira mapepala ndinkakhala pamsika wa nsomba wa Kivukoni. Kumeneko ndinacheza ndi bambo wina wachikulire yemwe ankasoka ukonde. M'Chiswahili changa chothyokathyoka ndinamva zambiri. Anati msodzi akadziwa tsiku la mwezi pakalendala ya Chisilamu wadziwa kale nthawi yomwe madzi adzaze. Amanyamuka m'mbandakucha ndi kamphepo kochokera kumtunda, nabwerera masana dzuwa likatenthetsa nthaka n'kuyamba kukoka mphepo ya kunyanja. Pampata wa matanthwe, womwe iwo amati mlango, sadutsapo madzi akamaphwa mwamphamvu mphepo ikuwomba mowatsutsa, chifukwa pamenepo mafunde amaimirira ngati khoma. Nsomba zimadya madzi akamayenda, osati ataima. Mbalame zikamagwera pamalo amodzi ndiye kuti pali dagaa, tinsomba tonga usipa, ndipo pansi pake pali zazikulu monga jodari ndi nguru. Malo abwino sawalemba papepala: amayang'ana kumtunda n'kulunjikitsa zinthu ziwiri, monga mlambe ndi nsonga ya mzikiti, kenako zina ziwiri mbali ina, ndipo pomwe mizereyo yakumana ndi pomwe amaponya nangula. Anamaliza ndi zinthu zomwe sizisiyidwa kugombe ngakhale bwato likhale la injini: madzi akumwa, chokapira madzi, nkhafi, komanso munthu wodziwa komwe walowera.

Nzeru zimenezi zinafika mpaka kwathu kuno, koma zinabwera ndi misozi. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota. Amisiri ake anakhoma zombo zamatanga zonga za kugombe, ndipo David Livingstone atafika kumeneko mu 1863 anapeza china chikukhomedwa. Zombozo zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo kupita kutsidya la kum'mawa, komwe ankayamba ulendo wapansi wa ku Kilwa. Poyamikira luso la thanga tisaiwale kuti makolo athu ena analidziwa ali m'magoli. Mphepo nayonso ndi imodzi. Mwera wathu, womwe umavutitsa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi wa nyengo yomweyo ndi kusi. Namondwe wa mu Julayi 1946 ndiye anamiza sitima ya Vipya ndi kupha anthu 145.

Injini itafika, anthu ambiri anaganiza kuti mphepo ndi mwezi zatha ntchito. Ndi zoona kuti injini yapulumutsa ambiri ndipo yakulitsa malonda. Koma yaphunzitsanso anthu kunyamuka tsiku lomwe agogo awo akanakhala pakhomo, komanso kupakira mopyola muyeso. Mu Seputembala 2011 sitima ya Spice Islander I, italemedwa ndi anthu ndi katundu, inamira pakati pa Unguja ndi Pemba ndipo anthu mazanamazana anafa. Mu Julayi 2012, kusi ili pachimake, sitima ya Skagit inagudubuka paulendo wochokera ku Dar es Salaam kupita ku Zanzibar, ndipo anthu oposa 100 anatsikira kulichete.

Nsomba nazo zinaona zakuda. Kuyambira m'ma 1960 asodzi ena a ku Tanzania anayamba kuphulitsa mabomba m'madzi. Bomba limodzi limapha zazikulu ndi zazing'ono zomwe, n'kuphwanya matanthwe amoyo momwe nsomba zimaswanirana, omwe amatenga zaka zambiri kuti amerenso. Lamulo linaletsa mchitidwewu mu 1970, koma unapitirira kwa zaka zoposa 40, mpaka boma linaugwira pakhosi pakati pa 2016 ndi 2018. Ku Beira ndi madera oyandikana nako kunabwera chicocota, ukonde wosokedwa ndi masikito, womwe umakokolola ngakhale tiana ta nsomba. Ife a kuno sitingaloze chala, poti masikito omwewo tawaona akukokedwa m'magombe a nyanja yathu.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti mankhwala ake achokeranso kwa asodzi eni ake. Mu Novembala 2004 anthu a mtundu wa Vezo a m'mudzi wa Andavadoaka, kummwera chakumadzulo kwa Madagascar, anagwirizana kutseka kwa miyezi 7 malo ena omwe ankagwirako pweza, kanyama ka m'nyanja ka miyendo 8 komwe amayi ambiri amakasaka ndi ndodo madzi akaphwa. Pweza amakula msanga, choncho atatsegula anapeza akuluakulu ndi ochuluka. Midzi ina inatengera, ndipo njirayi inafalikira ku Pemba ndi kumpoto kwa Mozambique. Mmalawi akamva nkhaniyi amakumbukira chilumba cha Mbenji ku Salima, komwe mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'ma 1950. Anthu awiriwa sanakumanepo, koma anafika pamfundo imodzi: madzi amafuna kupuma, ndipo lamulo lomwe mudzi wadziikira wokha ndi lomwe limasungidwa.

Masiku ano msodzi wa ku Pemba amatha kuona zanyengo pafoni, ndipo ndi bwino kutero, makamaka poona zomwe namondwe wa Idai anachita ku Beira mu 2019 ndi Freddy ku Quelimane ndi kummwera kwa dziko lathu mu 2023. Koma foni imatha moto, injini imazima, ndipo pamenepo chotsala ndi chomwe munthu anamva kwa akulu. Ibn Majid analemba zomwe ankadziwa, n'chifukwa chake tikumutchula patatha zaka zoposa 500. Akuluakulu a ku Msaka, ku Senga Bay, ku Chilumba ndi ku Likoma akudziwa mayina a mphepo, mitambo yochenjeza ndi malo a nsomba, ndipo chaka chilichonse ena a iwo akupita nazo kumanda. Alembi anzanga, tinyamule makope tikakhale nawo pansi akadali moyo. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga.