Nsomba Zimene Zinakwera Ndege

Pa zakudya zonse zimene anthu amagulitsana, palibe cobvunda msanga monga nsomba yaiwisi. Msodzi wa ku Mweru kapena wa ku Kariba adziwa bwino kuti nsomba yobvuulidwa m'mawa, ikapanda kuwambidwa pamoto kapena kuyanikidwa padzuwa, pofika madzulo nchenche zayamba kale kuizinga. Cifukwa cace kuyambira kale-kale nsomba zaziwisi zinali ndiwo za anthu okhala pafupi ndi madzi okha.

Makina oziziritsa atapangidwa, nyama ndiyo inayamba kuoloka nyanja. M'caka ca 1882 sitima yochedwa Dunedin inanyamuka ku New Zealand itasenza nkhosa zopha-ipha pafupifupi 5,000 zolimbitsidwa ndi cisanu, nikafika ku London patapita masiku 98, nyamayo iri yabwino ndithu. Koma nyama yotere imadyedwa yophika. Kutumiza kutsidya kwa nyanja cakudya cimene wogula afuna kucidya cacisiwi, ndiko kunali nkhani ina, ndipo kunayembekeza kudza kwa ndege.

M'nyanja yaikulu ya Atlantic muli nsomba ya mtundu wa tuna yochedwa bluefin. Ikakula kwambiri ikhoza kuposa ng'ombe kulemera kwace: ina imene inagwidwa ku Nova Scotia m'caka ca 1979 inalemera makilogalamu 679. Anthu a ku Canada ndi a ku America sanali kuiyesa ndiwo konse. Olemera anali kuiwedza mwa masewera cabe, kuti alimbane nayo mphamvu ndi kujambulitsa cithunzi ataima pambali pace. Cithunzi cikatha, nsombayo inali kugulitsidwa masenti owerengeka pa paundi kuti ikhale cakudya ca amphaka, ndipo zina zinali kungokwiriridwa kudzala.

Tsono ku Japan nsomba yomweyo inali kusowa. Anthu a dzikolo amadya nsomba yaiwisi, yodulidwa tizidutswa topyapyala ndi kuikidwa pa kambamu ka mpunga. Cakudyaco amacicha sushi. Codabwitsa ncakuti makolo ao nawonso ananyoza mnofu wa mafuta wa kumimba kwa tuna, namanena kuti ngakhale mphaka angaudumphe osaununkhiza. Koma itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse Ajapani anazolowera zakudya zonona, ndipo pofika zaka za m'ma 1960 mnofu uja wonyozeka unasanduka wa mtengo wapatali koposa wonse.

Amene analumikiza maiko awiriwa sanali msodzi, kapena wophika, koma munthu wa mu ofesi ya katundu ya kampani ya ndege ya Japan Air Lines, dzina lace Akira Okazaki. Bvuto lace linali ili: ndege za kampaniyo zinali kupita ku America zitadzaza ndi mawailesi, makamera ndi zina zopangidwa ku Japan, koma pobwerera zinalibe katundu wokwanira. Ndege youluka yopanda kanthu imamwabe mafuta, ndipo palibe wolipira. Okazaki anafuna katundu wokhala ndi makhalidwe awiri pamodzi: wokwera mtengo kotero kuti mwini wace angathe kulipira ndege, ndiponso woonongeka msanga kotero kuti sangapirire ulendo wa sitima. Anampeza pa msika waukulu wa nsomba wa Tsukiji, mu mzinda wa Tokyo. Ndipo atafunsa mnzace wa kampani yomweyo amene anali ku Canada, anamva za asodzi a pa cisumbu ca Prince Edward Island amene anali kutaya cinthu cimene amalonda a ku Tsukiji anali kulimbirana.

Kunena kunali kwapafupi, koma kucita ai. Tuna isiyana ndi nsomba zambiri pakuti thupi lace limasunga kutentha. Ikalimbana nthawi yaitali ndi mbedza, mkati mwace mumatentha kwambiri, ndipo ikasiyidwa comweco mnofu umacita ngati wapsya, nutuwa, nuwawasa. Wogula wa ku Tokyo akangoona kadutswa ka kumcira adziwa pomwepo. Motero asodzi a ku Canada anayenera kuphunzira nchito yatsopano: kukhetsa mwazi nsomba itangokwezedwa, kucotsa matumbo ndi makha, ndi kuimiza m'madzi oundana kufikira kuzizira kutalowa mpaka pa pfupa. Kuilimbitsa gwa ndi cisanu monga nkhosa za m'sitima ija sikukanathandiza, cifukwa m'firiji wamba mnofu wofiira wa tuna umada pang'ono-pang'ono. Kuti usasinthe pafunika cisanu coopsya ca madigiri 60 kunsi kwa ziro. Cimene Okazaki anafuna ndico nsomba yozizira koma yosaundana.

Madzi oundana nawo anali ndi milandu yao. Ngolemera, ndipo m'ndege kilogalamu iri yonse imalipiridwa. Akasungunuka amasakanizika ndi mcere ndi mwazi, nadontha pa zitsulo za ndege, zimene zimadyeka ndi mcere. Anayesa njira zosiyana-siyana, zina nizilephera, kufikira kampaniyo inakonza bokosi lalikulu lotsekeka bwino lokhala ndi makina oziziritsa, loyenera kulowa m'mimba mwa ndege.

M'mwezi wa August 1972 nsomba zogwidwa ku Prince Edward Island zinanyamulidwa pa galimoto ulendo woposa makilomita 1,000 kunka ku New York, ndipo kumeneko zinakwezedwa m'ndege. Mbanda-kuca wa pa 14 August zinayalidwa pansi pa msika wa Tsukiji pamodzi ndi zinzace za m'nyanja za Japan. Amalonda anaziyang'anitsitsa, nakhudza mnofu ndi zala monga mwa mwambo wao, napikisana mitengo, nazigula. Anthu a malondawo akumbukira tsikulo monga tsiku la nsomba zouluka.

Zotsatira zace zinadza mofulumira. Ogula a ku Japan anayamba kudikira pa madooko a ku Canada ndi a ku New England ndi ndalama m'manja, ndipo nsomba imodzi imene kale inali yotaya tsopano inakhoza kugula galimoto. Pambuyo pace tuna za ku nyanja ya Mediterranean ndi za ku Australia zinatsata njira yomweyo. Bwalo la ndege la Narita, limene linatsegulidwa m'caka ca 1978, linalandira nsomba zocuruka cotere kuti Ajapani analicha mwanthabwala dooko la asodzi, ngakhale palibe bwato linakocezapo.

Koma amene analipira mtengo weni-weni ndi nsombazo. Tuna za kumadzulo kwa Atlantic zimacedwa kukhwima, zimatha zaka zambiri zisanayambe kuswana, ndipo asodzi anali kuzigwira koposa m'mene zikanabalirana. Bungwe la maiko loyang'anira tuna za m'nyanjayo, lochedwa ICCAT, linaika malire a kagwiridwe ka kumadzuloko m'caka ca 1982. Kum'mawa ndi ku Mediterranean malire anacedwa, ndipo ataikidwa ambiri anawaswa mobisa. M'caka ca 2010 dziko laling'ono la Monaco linapempha msonkhano wa maiko ku Doha kuti malonda a nsombayi pakati pa maiko aletsedwe. Japan anakana kolimba, ndipo pempholo linagwa. Komabe mantha a nthawi imeneyo anacititsa kuti malamulo akhwime, ndipo pofika 2021 bungwe la IUCN linacotsa bluefin ya ku Atlantic pa mndandanda wa zamoyo zoti zingathe, ngakhale linacenjeza kuti gulu loswana ku Gulf of Mexico linali litacepa kwambiri.

Msika wa Tsukiji womwe unatsekedwa mu October 2018, ndipo malonda a tuna anasamukira ku Toyosu, makilomita awiri okha kucokera pa malo akale.