Mizinda ya ku Malaysia m'Mabuku a Nkhani

Chiyambi cha mzinda

Malaysia ndi dziko la ku Asia. Linalamulidwapo ndi Angerezi ngati dziko lathu lino. Mzinda wake waukulu ndi Kuala Lumpur. Cha m'ma 1857, pamalopo panali misasa chabe ya anthu okumba tini, pamene mitsinje ya Klang ndi Gombak imakumana. Tini ndi chitsulo chimene amakutira nacho zitini. Okumba ambiri anachokera ku China. Pambuyo pake Angerezi anabweretsa Amwenye a mtundu wa Tamil kudzagwira ntchito m'maesiteti a mphira. Amalay ambiri ankakhala kumidzi, kulima mpunga ndi kupha nsomba.

Ufulu unabwera pa 31 Ogasiti 1957. Anthu anapitiriza kukhamukira m'tauni. Kumeneko Mmalay, Mtchaina ndi Mmwenye ankagula pamsika umodzi, koma aliyense ankapemphera mwake ndi kuyankhula chinenero chake.

Olemba m'Chingerezi

Chinenero cha dzikolo ndi Chimalay. Koma ana ena a m'tauni anaphunzira m'sukulu za Chingerezi, momwe mitundu yonse inkakhala m'kalasi limodzi. Ena mwa anawa atakula anayamba kulemba nkhani zopeka m'Chingerezi. Nkhani yopeka ndi nkhani imene wolemba amaiganiza yekha, ngakhale malo ake ndi enieni. Kuyambira mu 1970 boma linayamba kusintha sukuluzi kuti ziziphunzitsa m'Chimalay. Olemba m'Chingerezi anachepa, ndipo ena anakakhala kunja.

Tsiku la 13 Meyi 1969

Pa 10 Meyi 1969 kunali chisankho. Patangopita masiku 3, zipolowe zinabuka mu Kuala Lumpur pakati pa Amalay ndi Atchaina. Nyumba, masitolo ndi magalimoto zinatenthedwa. Boma linalamula kuti munthu asatuluke m'nyumba. Linanena kuti anthu 196 anafa, koma ambiri amakhulupirira kuti anaposa pamenepo. Nyumba ya Malamulo inatsekedwa mpaka 1971.

Kwa zaka zambiri anthu ankaopa kuitchula nkhaniyi poyera. Olemba ndiwo analimba mtima. Lloyd Fernando, amene ankaphunzitsa pa University of Malaya, anatulutsa buku la Green is the Colour mu 1993. Linasimba za anthu a mitundu yosiyana amene ankakondana pamene dziko linali ndi mantha. Shirley Geok-lin Lim nayenso analemba za masikuwa mu Joss and Gold mu 2001.

Mu 2019, Hanna Alkaf analemba The Weight of Our Sky. Mtsikana wa Chimalay, dzina lake Melati, ali kukanema pamene zipolowe zikuyamba. Anthu a zida alowa, ndipo akusankha anthu poyang'ana mtundu wawo. Mayi wina wa Chitchaina, amene sakumudziwa n'komwe, amuikira kumbuyo ndi kumutengera kunyumba kwake. Kuchokera kumeneko Melati atuluka kukafunafuna amayi ake m'misewu yodzaza utsi. Mayi wa Chitchaina uja sanali msilikali kapena mtsogoleri. Anali munthu wamba, ndipo anapulumutsa mwana wa eni.

Kuchoka kuesiteti

K.S. Maniam anabadwira ku Bedong mu 1942. Mu The Return, buku la mu 1981, mnyamata Ravi, mwana wa wochapa zovala, alowa sukulu ya Chingerezi. Sukulu imukweza, koma imutalikitsanso ndi abambo ake. Mu In a Far Country, la mu 1993, Rajan achoka kuesiteti ndi kulemera pa malonda a malo. Chuma ali nacho, koma mtendere alibe, chifukwa sakudziwanso kuti kwawo ndi kuti.

Buku la Preeta Samarasan la mu 2008, Evening is the Whole Day, ndi lowawa kuposa awa. Chellam, mtsikana wosauka, akugwira ntchito ya m'nyumba kwa loya wina mumzinda wa Ipoh. Iye ndi mabwana ake onse ndi a mtundu wa Tamil. Koma agogo a m'nyumbamo atamwalira, mlandu auika pa iye, ndipo amuthamangitsa. Apa chimene chinawasiyanitsa ndi ndalama, osati mtundu.

Alendo a lero

Lero Kuala Lumpur ali ndi nsanja ziwiri za Petronas, zimene zinatha kumangidwa mu 1998. Amene akugwira ntchito zolemetsa ndi alendo ochokera ku Indonesia, Bangladesh, Nepal ndi Myanmar. Tash Aw, amene anakulira mumzindawu, analemba We, the Survivors mu 2019. Ah Hock, wobadwira m'mudzi wa asodzi, avutika ndi maganyu m'tauni, kenaka apha munthu wa ku Bangladesh ndi kukalowa m'ndende. Makolo akale a Ah Hock analinso alendo ochokera ku China.

Kambiranani m'kalasi mwanu: ndani amamanga nyumba ndi kusesa misewu ya m'tauni imene ili pafupi nanu, ndipo anachokera kuti?