Lilime ndi Mwini Wake: Mbiri ya Ntchito Yothandiza Anthu Kulankhula

Kumpoto kwa dziko la England, m'mbali mwa mtsinje wa Tyne, kuli mudzi wotchedwa Hexham, umene m'chaka cha 687 unalandira bishopu dzina lake John, yemwe pambuyo pake anadziwika kuti John wa ku Beverley. Munthu wa Mulungu ameneyu anali ndi chizolowezi chakuti nyengo ya Lenti ikafika ankapatukira ndi anzake owerengeka kumalo a zii kutsidya kwa mtsinjewo kukapemphera, nawauza kuti amfunire mmphawi mmodzi wosautsidwa koposa woti akhale naye masiku onse a kusala kudyawo. Chaka china anamtengera mnyamata amene chibadwire sanatulutsepo liwu lomveka, amenenso mutu wake unali utadyeka ndi nkhanambo kotero kuti paliwombo panalibe tsitsi. Bishopuyo anammangitsira kakhumbi m'kati mwa mpanda, namdyetsa tsiku ndi tsiku, ndipo sanachite naye kanthu kena kufikira itapita sabata yathunthu.

Pamenepo anamuitana, namgwira chibwano, nalemba chizindikiro cha mtanda pa lilime lake, namuuza kuti anene liwu limodzi lokha la m'chinenero cha kwawo, lotanthauza kuti inde; mnyamatayo atalinena, bishopu sanaimirire kuti alengeze chozizwitsa, koma anakhala naye pansi monga achitira mphunzitsi wa ana aang'ono, namtchulitsa malembo limodzilimodzi, kenaka maphatikizo, kenaka mawu athunthu, mpaka ziganizo zazitali. Mmonke wa ku Jarrow dzina lake Bede, amene anamaliza kulemba mbiri ya mpingo wa ku England m'chaka cha 731, ndiye anatisungira nkhaniyi, ndipo akuti mnyamatayo sanaleke kulankhula usana wonsewo ndi usiku womwe, malinga ngati tulo tisanamgonjetse, kuulula zam'mtima zimene anazisenza yekha zaka zonse zija. Atatero bishopu anaitanitsa sing'anga kuti achize mutu uja, tsitsi linamera, ndipo pomuuza kuti angathe kukhala m'nyumba ya bishopu momwemo, mnyamatayo anasankha kubwerera kwawo, ndipo anamlola.

Wina adzawerenga nkhaniyi ngati chozizwitsa, wina ngati phunziro loyamba la ntchito imene lero imaphunzitsidwa m'masukulu a ukachenjede, yothandiza achibwibwi, ana ochedwa kulankhula, ndi akuluakulu amene matenda awalanda mawu. Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti bishopuyo sanaone lilime lokha. Anaona njala, anaona mutu wochititsa manyazi pagulu, anaona mzimu wa munthu amene anthu anasiya kalekale kumfunsa maganizo ake, ndipo zonsezi anazitenga ngati mtolo umodzi. Ngakhale m'Malembo Oyera, pamene Mose anadandaula za kulemera kwa lilime lake, Chauta anamupatsa mbale wake Aroni kuti ayende naye. Mbiri ya ntchito imeneyi, m'zaka zoposa chikwi zimene zinatsatira, kwakukulu ndi mbiri ya m'mene anthu ophunzira anamasulira mtolo uja, aliyense n'kutengapo nkhuni imodzi, ndi m'mene anavutikira kuumanganso.

Kumasulako kunafika poipitsitsa m'chaka cha 1841, pamene dokotala wotchuka wa ku Berlin, Johann Friedrich Dieffenbach, poganiza kuti chibwibwi chimadza chifukwa cha kukokana kwa minofu, anayamba kudula kachidutswa kutsinde kwa lilime la wodwala. Ndipo tikumbukire kuti mankhwala ogonetsa munthu pomchita opaleshoni anali asanayambe kugwiritsidwa ntchito, popeza anadza m'chaka cha 1846. Mchitidwewu unafalikira ngati moto wolusa kutchire m'mwezi wa Okutobala, ku France ndi ku England komwe, anthu ambiri anadulidwa, ena anafa, ndipo otsalawo mabala atapola chibwibwi chinabwerera pamalo pake. Chaka chisanathe n'komwe madokotala anautaya mpeniwo mwamanyazi.

Zaka 20 pambuyo pake, m'chipatala cha Bicêtre ku Paris, dokotala Paul Broca anakumana ndi munthu wina, Leborgne, amene anakhala m'chipatalamo zaka 21 osatha kunena kanthu koma kaliwu kamodzi kakuti "tan", ngakhale ankamva zimene anthu ankamuuza. Atamwalira m'mwezi wa Epulo 1861, Broca anapima ubongo wake napeza bala kumbali ya kumanzere, chakutsogolo. Ndipo m'chaka cha 1874 Carl Wernicke wa ku Germany anapeza malo ena, chakumbuyo pang'ono, amene akavulala munthu amalankhula mothamanga koma zosamveka mutu wake. Uku kunali kutulukira kwakukulu, ndipo palibe wanzeru angakunyoze, pakuti kunachotsa mlandu pa lilime n'kuuika pamalo ake enieni. Komabe wodwala anangosamuka kuchoka pokhala lilime n'kukhala ubongo. Mwini wake wa zonsezo anali asanaitanidwebe kubwalo.

Odwalawo ndiwo sanaleke kukumbutsa madokotala kuti mwa munthu muli zambiri. Kale m'chaka cha 1745, mlembi wa ku Sweden, Olof von Dalin, anafotokoza za mwana wa mlimi wina amene atafa ziwalo za kumanja sankatha kunena kanthu koma inde, koma m'tchalitchi ankaimba bwinobwino nyimbo za Mulungu zimene anaziphunzira asanadwale. John Hughlings Jackson, dokotala wa mitsempha ku London m'zaka za m'ma 1800, anaonanso kuti mawu amene anakhazikika mwa munthu mwa kuwabwereza, kapena amene amatuluka ndi kutentha kwa mtima, amapulumuka pamene mawu ochita kuganizira atayika. Leborgne yemwe uja akapsa mtima ankatukwana momveka bwino. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Ambiri tinaonapo gogo wodwala sitiroko, amene dzina la mdzukulu wake lamkanika, koma amayi a mvano akabwera kudzamzonda n'kuyambitsa nyimbo, milomo yake imayamba kutsatira, ndipo pofika pa Ameni liwu latuluka. Zinatenga nthawi yaitali kuti akatswiri asandutse chinthu chimenechi kukhala njira yochizira, pakuti munali m'chaka cha 1973 pamene Martin Albert, Robert Sparks ndi Nancy Helm a ku Boston anafalitsa njira yophunzitsa wodwala kunena ziganizo mochita ngati kuimba, uku akumgogoda dzanja lamanzere.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mwambiwu unakwaniritsidwa ku America, kumene bungwe la akatswiri a ntchitoyi linakhazikitsidwa m'chaka cha 1925, ndi kumene ena mwa atsogoleri ake anali achibwibwi iwo eni. Charles Van Riper, amene anatsegula malo othandizira anthu ku Kalamazoo m'chaka cha 1936, ankaphunzitsa kuti munthu asathawe chibwibwi chake koma achiyang'ane maso ndi maso, aphunzire kudodoma mofatsa ndi mopanda mantha, popeza kulimbana nacho mwaukali ndiko kumachikulitsa. Joseph Sheehan, m'chaka cha 1970, anafanizira chibwibwi ndi phiri la madzi oundana loyandama panyanja, limene nsonga yake yokha ndiyo imaoneka; ife a kuno tinganene kuti chili ngati mvuu padziwe, imene umangoiona makutu ndi mphuno, pamene thupi lonse, ndilo manyazi, mantha ndi kudziona wachabe, lili pansi pa madzi.

Koma m'mudzi womwewo wa anthu ophunzira munachitikanso chinthu chonyansa chimene sitiyenera kuchilumpha. M'chaka cha 1939, Wendell Johnson wa pa yunivesite ya Iowa, yemwenso anali wachibwibwi, anatuma wophunzira wake kunyumba ya ana amasiye ku Davenport kukachita kafukufuku pa ana 22, ndipo ena mwa anawo, amene ankalankhula bwinobwino, anauzidwa mobwerezabwereza kuti ayamba chibwibwi ndipo asamalankhule pokhapokha ngati angathe kutero osalakwitsa. Anawo anafota, nayamba kuopa kutsegula pakamwa. Yunivesiteyo inapepesa m'chaka cha 2001. Anthu amenewa ankadziwa bwino kuti mawu amafika pamtima, ndipo ndicho chimene ankafuna kutsimikiza. Chimene anaiwala n'chakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Liwu lakuti mzimu linabwerera m'zipatala kudzera pakhomo la akufa. Cicely Saunders, amene anali namwino asanakhale dokotala, ndipo anatsegula nyumba yosamalira odwala kayakaya ya St Christopher's ku London m'chaka cha 1967, anaphunzitsa kuti ululu wa munthu ndi wa thupi, wa maganizo, wa pabanja ndi wauzimu pamodzi, ndipo sungachize mbali imodzi n'kusiya zinzake. George Engel mu 1977 anadzudzula udokotala wongoyang'ana nthenda, ndipo mu 2001 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti poyeza kulumala tiziyang'ananso ngati munthu akutha kutenga nawo mbali m'moyo wa anthu anzake. Mu 1996 dokotala Christina Puchalski wa ku Washington anakonza mafunso ochepa oti wodwala azifunsidwa: chimene amakhulupirira, kulemera kwake kwa chikhulupirirocho m'moyo wake, gulu limene amapembedza nalo, ndi m'mene angafunire kuti zimenezi zilowe m'chisamaliro chake. Othandiza anthu kulankhula anachedwerapo kulandira zimenezi, koma atayamba kufunsa anapeza kuti mkulu wa mpingo wodwala sitiroko mwina safuna kuyamba ndi mayina a zipatso zojambulidwa pakhadi. Chimene chikumsowetsa tulo n'chakuti sathanso kudalitsa chakudya pamaso pa ana ake, ndipo pemphero limenelo likhoza kukhala phunziro lake loyamba.

Pano pafunika kuchenjera, chifukwa khomo lomwelo lolowera chitonthozo limalowanso nkhanza. Kuuza wachibwibwi kuti sakuchira chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena kuti wina anamlodza, ndi mpeni wa Dieffenbach womwe uja, kungoti uwu umadula posaoneka. Katswiri si mbusa, ndipo sanaitanidwe kudzatembenuza munthu; chake ndi kufunsa ndi kumvera, ndipo wodwala akati za chipembedzo zisakhudzidwe, zisakhudzidwe ndithu.

Ndasungira kumapeto nkhani ya Lionel Logue, popeza wodwala wake anali mfumu imene nkhope yake inali pa masitampa a Nyasaland, imenenso m'dzina lake asilikali athu a Keyala anakamenya nkhondo ku Abyssinia ndi ku Burma. Logue anabadwira ku Adelaide, m'dziko la Australia, m'chaka cha 1880. Sanali dokotala, koma mphunzitsi wa kalankhulidwe ka pagulu, ndipo luso lake analinola ku Perth pothandiza asilikali obwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse amene mantha a mabomba anawatseka pakamwa. Anali wa mpingo wa Christian Science, umene umaika machiritso m'pemphero. Anasamukira ku London mu 1924, natsegula chipinda chake mumsewu wa Harley Street, kumene ankalipiritsa olemera kuti athe kuthandiza osauka kwaulere.

Pa 31 Okutobala 1925, Albert, mwana wachiwiri wa Mfumu George V, anaimirira pabwalo la Wembley kuti alankhule kwa khamu la anthu, ndipo mawu anamkanirira pakhosi mochititsa chisoni onse omvera. Chaka chotsatira, pa 19 Okutobala, anakwera makwerero a chipinda cha Logue, pakuti Logue anaumirira kuti ngakhale mwana wa mfumu adze yekha kumene amadza odwala ena onse. Chodabwitsa n'chakuti munthu wokhulupirira za mzimuyu anauza kalongayo kuti vuto lake linali la kapumidwe chabe, ndipo anampatsa zochita za tsiku ndi tsiku: kupuma mochokera pansi pa chifuwa, kuchukucha madzi ofunda pakhosi, kutchula mawu motalikitsa ataima pazenera lotsegula. Akatswiri a lero sangavomereze kuti chibwibwi ndi kapumidwe kokha. Koma ine ndiyesa kuti mawu amenewo anachotsa pamapewa a munthuyo katundu amene anamsenza kuyambira ubwana, woganiza kuti cholakwika chinali iye mwini, ndipo pamwamba pa izo anapeza munthu mmodzi m'dziko lonse amene ankamumvera mosafulumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa 9 Meyi 1927 kalongayo anatsegula nyumba ya malamulo ku Canberra osapunthwa.

Mkulu wake Edward VIII atatula pansi ufumu mu Disembala 1936, Albert anakhala Mfumu George VI, ndipo Logue anali naye pa tsiku lovekedwa chisoti, pa 12 Meyi 1937, nakhalanso naye pa 3 Seputembala 1939 pamene anauza maiko ake onse pa wailesi kuti nkhondo yayamba. Chibwibwi sichinathe konse. Omvera ankamva kuima kwake pakati pa mawu, ndipo ambiri ankamkonda chifukwa cha kuima komweko. Logue anali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la akatswiri a ntchitoyi ku Britain, ndipo mu 1948 mfumuyo inavomera kukhala mtetezi wa bungwelo.

Chaka ndi chaka Logue ankasiya banja lake pa Khirisimasi kuti akaime pambali pa mfumu polankhula uthenga wa tsikulo. Koma Khirisimasi ya 1944 itayandikira, mfumu inamuuza kuti ulendo uno ilankhula yokha, ndipo iye akadye chikondwerero ndi a m'nyumba mwake. Logue anakhala kwawo ku Sydenham, dera lomwelo kumene Cicely Saunders anadzatsegula nyumba yake ija patapita zaka 23, namvera uthengawo pa wailesi pamodzi ndi alendo ake monga munthu wina aliyense. Utatha, anaimba lamya ku Windsor kukayamikira mfumu.