Mfumu Ikadwala, Anthu Auzidwe Chiyani?

Pa 5 Febuluwale 2024 mawailesi a kanema a dziko lonse lapansi adalengeza kuti Mfumu Charles III ya ku Britain yapezeka ndi nthenda ya khansa. Akunyumba yachifumu adanena kuti mfumuyo yayamba kulandira mankhwala ndipo iyamba yaleka kuonekera pa misonkhano, koma sadatchule kuti khansayo ili pati m'thupi. Agogo ake a mfumuyi, George VI, adawachotsa phapo lakumanzere mu 1951, koma anthu sadauzidwe dzina la nthendayo mpaka mfumuyo idamwalira mu Febuluwale 1952.

Ife Amalaŵi nkhani yotere si yachilendo kwa ife. M'masiku a Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda kudali koopsa ngakhale kufunsa za msinkhu wa Mtsogoleri wa Muyaya, nanji kunena kuti angadwale. Koma mu Okutobala 1993, patangopita miyezi inayi chichitikire riferendamu ya pa 14 Juni, Dr. Banda adapita nawo ku Johannesburg komwe adawachita opaleshoni ya m'mutu. Dziko lidatsala m'manja mwa bungwe la anthu atatu, a Gwanda Chakuamba, a John Tembo ndi a Robson Chirwa, kufikira mu Disembala pamene Ngwazi idatenganso udindo wake. Nthawi imeneyo kanema kunalibe m'dziko muno, pakuti adayamba mu 1999. Msodzi wa pa nyanja ya Chiuta ndi mlimi wa thonje wa ku Balaka ankangodalira wailesi ya MBC, ndipo ofuna kumva zambiri ankatchera BBC motsitsa mawu.

Kanema atabwera, chizolowezi chobisa sichidathe. Pa Lachinayi Loyera, 5 Epulo 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika adakomoka ku Lilongwe mtima utaima, nathamangira nawo ku chipatala cha Kamuzu Central. Usiku womwewo ndege idawanyamula kupita ku South Africa ngati wodwala. Pa Lachisanu Loyera usiku nduna zisanu ndi imodzi zidaonekera pa kanema wa boma, osanena za imfa, koma kuti wachiwiri kwa pulezidenti, Mayi Joyce Banda, sangatenge mpando. Imfayo idalengezedwa pa 7 Epulo, ndipo Mayi Banda adalumbira tsiku lomwelo. Bungwe lofufuza lidapeza pambuyo pake kuti pulezidentiyo adamwalira pa 5 Epulo pomwepo. Masiku awiri athunthu dziko lidakhala pa mphekesera, ndipo mtendere wathu udatsala pang'ono kusokonekera.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kusiyanitsa zinthu ziwiri. Thupi la mtsogoleri ndi lake, ndipo zomwe akambirana ndi dokotala m'chipinda si za pabwalo. Koma mpando umene akhalapo ndi wa anthu. Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya: amene walandira udindo wolamulira anthu wavomeranso kuti anthuwo adziwe ngati ali moyo, ngati akutha kugwira ntchito, ndiponso amene akuyendetsa dziko iye ali chigonere. Kusatchula dzina la nthenda ndi kulemekeza wodwala. Kubisa kuti mpando ulibe mwini ndi kunamiza mtundu wonse, ndipo kawirikawiri opindula sakhala wodwalayo ayi, koma omuzungulira.

Papa Yohane Paulo II, amene adatiyendera mu Meyi 1989, sadabise kufooka kwake. Pa Pasaka wa 2005 adaonekera pa zenera, nayesa kulankhula koma mawu osatuluka, nadalitsa khamu ndi dzanja lokha. Ulemu wake sudachepe nazo.

Muyeso womwewu tiugwiritse ntchito m'midzi mwathu. Nyakwawa kapena mkulu wa Mphakati akadwala, tili ndi ufulu wofunsa kuti milandu ndi mapemphero aziyendetsa ndani. Tilibe ufulu wofufuza m'buku lake la kuchipatala kapena kuyendetsa dzina la nthenda yake pa chitsime ndi pa lamya. Tikapita kukazonda, tinyamule ufa, nkhuni ndi pemphero, ndipo zomwe taona pa mphasa tizisiye m'nyumba momwemo.